Uthenga wa madzi usadalire foni yokha

Zikomo a Gulupu, mafumu athu, amayi ndi abambo nonse. Ndaima pano chifukwa cha zimene zinachitika usiku wa Lachinayi lapitali. Mnzathu amene amayang'anira mlingo wa madzi kumtunda anaona kuti madzi adutsa pa chizindikiro chofiira, ndipo anayesa kutiimbira foni kangapo konse, koma netiweki kunalibe. Uthenga unafika kuno m'bandakucha ndi mnyamata wa kabaza, madzi atalowa kale m'makola a mbuzi. Tiyamike Mulungu kuti analekezera m'mawondo. Mawu amene ndikufuna mupite nawo kunyumba ndi awa: uthenga wa madzi usadalire foni yokha.

Foni yanu silankhulana mwachindunji ndi foni ya mnzanu. Mawu amayamba akwera pa nsanja, nsanjayo imafuna magetsi, ndipo magetsi akazima imadalira mabatire ndi jenereta, amene dizilo wake amabwera pa msewu womwewo umene madzi adula. Mukukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala m'chigawo chino cha kummwera. Ife a kuno tinaphunzira kale mu 2015 kuti mvula ikagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, mtsinje wa Ruo umatha kutipeza kuno kumwamba kuli mbee.

Tsono pali anthu ongodzipereka amene amaphunzira kulankhulana pa wailesi mwa kufuna kwawo, ndipo amatenga chiphaso ku bungwe loona za mawailesi ndi mafoni la MACRA. Aliyense amapatsidwa dzina loitanira pa mphepo, ndipo la munthu wa ku Malawi limayamba ndi 7Q, pamene la ku Mozambique limayamba ndi C9. Wailesi yawo silira nsanja ya kampani iliyonse. Batire la galimoto, sola imodzi ndi waya womangidwa pakati pa mitengo iwiri zimakwanira kuti mawu akwere m'mlengalenga, abwerere pansi, n'kumveka ku boma kapena ku Blantyre. Timawailesi ta m'manja tija timati ta ova-ova timafika pafupi, makilomita ochepa chabe, makamaka ngati palibe phiri pakati, koma mtunda umenewo ndi womwe unatikanika Lachinayi lija.

Pa 26 Disembala 2004, nyanja itasefukira chifukwa cha chivomerezi, ku Port Blair pa zilumba za Andaman kunali kagulu ka anthu otere a ku India amene anapita kukangolankhulana ndi anzawo a m'mayiko ena. Mafoni atasokonekera, iwo ndi amene anayamba kutumiza mauthenga ku mizinda ya ku India kutsidya kwa nyanja, kuuza mabanja za abale awo amene apulumuka. Nafenso tikufunika wailesi yotere ndi anthu oigwira m'mudzi muno.

Eya bambo, ndakuonani, funsani.

"Kodi amene azigwira wailesiyo azilandira alawansi ya ndalama zingati?"

Mwafunsa bwino, ndipo ndikudziwa kuti ambiri funso limeneli linali m'mitima mwawo. Alawansi palibe. Malamulo a ntchito imeneyi padziko lonse amanena kuti munthu asaigwire pofuna phindu la ndalama, choncho saloledwa kulipiritsa uthenga kapena kutsatsa malonda pa wailesiyo. Sindikunena kuti nthawi ya munthu ilibe mtengo, chifukwa amene wachezera usiku wonse kumvetsera wailesi mawa lake salima bwino, ndipo nkhani imeneyo ndi yoti mudzi uikambirane, kaya ndi kumuthandiza kupalira, kaya ndi kusinthana mausiku. Koma tikasankha munthu chifukwa choti akuyembekezera envulopu, tsiku limene envulopuyo sidzabwera wailesi idzakhala yozima, ndipo madzi sadzadikira. Tisankhe munthu amene amagona m'mudzi muno nyengo yonse ya dzinja, wosamwa mpaka kuiwala, ndipo pakhalenso mayi, chifukwa amayi ndi amene amadziwa nyumba imene muli nkhalamba, woyembekezera kapena wolumala.

Pano ndidandaule pang'ono, abale anga. Batire limene tinapatsidwa la chimkuzamawu ndinalipeza pa chinkhoswe likuimba nyimbo, ndipo litabwerera linali lopanda moto, mitu yake itachita dzimbiri loyera. Sinditchula dzina, mwini wake akudzidziwa. Batire la ngozi si lotchajira mafoni, si loonera mpira. Mukalimaliza, mwabwerera ku foni yokha, ndipo ndanena kale kuti uthenga wa madzi usadalire foni yokha.

Ndikuona dzuwa lapendeka ndipo ena ayamba kusuzumira ku msewu, choncho ndifulumire. Komiti yathu yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ilembe mayina a anthu atatu ofuna kuphunzira, ndipo tiwatumize kudzera ku ofesi ya bwanamkubwa kuti zikayende mwa lamulo, pakuti wailesi yogula pa msika n'kumangoilankhulitsa popanda chilolezo imasokoneza ena ndipo ndi mlandu. Wailesi iyesedwe sabata iliyonse pa ola limodzi lomwelo, isungidwe pamalo okwera m'chidebe chotseka bwino. Polankhula tchulani dzina lanu, malo, nthawi, pamene madzi afika ndi chiwerengero cha anthu ofuna thandizo, kenako khalani chete kuti winayo abwereze zimene wamva. Musatumize za m'maluwa, nenani zimene mwaona ndi maso. Uthenga ukafika, ng'oma, wezulo ndi chimkuzamawu zilire nthawi yomweyo, ndipo aliyense apite kumtunda osayamba wafunsa ngati foni yake yalandira kanthu. Ofuna kulembetsa aonane ndi alembi pansi pa mtondo uwo tisanabalalike. Zikomo a Gulupu.