Kompyuta ya m'manja: ndani akuifunadi, ndipo aone chiyani asanagule

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu, amayi, abambo, ndi inu achinyamata amene mwadzaza kumbuyoko. A komiti anandipempha kuti lero tikambirane za timakompyuta ta m'manja, chifukwa ena mwationa tikutsatsidwa pa Facebook, ndipo ena abale anu a ku Johannesburg akukufunsani ngati angakutumizireni. Ndi bwino mudziwe chomwe mukuvomera musanawayankhe.

Kachipangizo ndanyamulaka, sikirini yake ndi ya mainchesi 7, pomwe laputopu wamba imakhala ya mainchesi 14 kapena 15. Kulemera kwake ndi pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo kamalowa m'thumba la jekete. Mukakayang'ana msanga muyesa ndi foni yaikulu yomwe aimatira mabatani. Koma m'kati mwake muli Windows yomweyo imene mumaiona pa kompyuta ya ku ofesi ya boma kapena kubanki, ndipo ena amaikamo ina yotchedwa Linux m'malo mwa Windows. Excel imatseguka, Word imatseguka, mutha kulumikiza makina osindikizira, fulashi, ngakhale sikirini yaikulu ya TV. Kusiyana kwake ndi foni kwagona pamenepo. Foni imayendetsa mapulogalamu a foni, pomwe aka kamayendetsa mapulogalamu a pa desiki.

Anthu sanayambe dzulo kufuna kompyuta yolowa m'thumba. Ku London kunali kampani yotchedwa Psion, yomwe mu 1984 inatulutsa kachipangizo kosungira manambala ndi mayina. Pofika 1997 inapanga Psion Series 5, ndipo ine ndimailemekeza mpaka lero. Inali ndi mabatani abwino olembera ndi zala zonse, ndipo inkayendera mabatire awiri a AA, omwewa timaika mu wailesi yaing'ono, osawasintha kwa masiku ambiri. A Hewlett-Packard nawo mu 1994 anatulutsa HP 200LX, momwe munali Lotus 1-2-3 yowerengera ndalama, nayonso ya mabatire awiri a AA. Zipangizo zimenezi zinkachita ntchito zochepa, sikirini yake yopanda mitundu, koma pa ntchito zochepazo sizinkakhumudwitsa mwini wake.

Vuto linabwera pamene opanga anafuna kulowetsa Windows yonse m'kabokosi kakang'ono. Kampani ya OQO ya ku San Francisco inayesa mu 2004 ndi kakompyuta ka sikirini ya mainchesi 5. Kenako mu March 2006, pa chionetsero cha CeBIT ku Hanover m'dziko la Germany, Microsoft ndi Intel analengeza ntchito yopanga timakompyuta ta m'manja yomwe ankaitcha Origami, ndipo Samsung inaonetsa Q1, ya mainchesi 7, yoyendera Windows XP. Sony inatulutsa VAIO UX chaka chomwecho, yokhala ndi mabatani obisika pansi pa sikirini. Manyuzipepala analemba kwambiri. Koma ogula anali ochepa.

Tamverani chomwe chinalepheretsa, chifukwa ndi zomwezo zimene muyenera kufufuza lero. Samsung Q1 inkagulitsidwa pa mtengo wopitirira madola 1,000 a ku America, ndalama yoti munthu akanagula laputopu yabwino n'kutsala ndi chenji. Batire lake linkatha pa maola pafupifupi atatu. Pulosesa ya nthawi imeneyo, ndiye kuti ubongo wa kompyuta, inkadya moto wambiri n'kumatentha, ndiye kuti kachipangizo kasapse m'manja, ankaifooketsa, n'kumachedwa pa chilichonse. Chinanso, Windows XP inapangidwira munthu wokhala pampando ali ndi mausi. Timabokosi todina tija, pa sikirini yaing'ono tinkakhala tating'ono koposa nsonga ya chala, moti munthu ankachita kugwiritsa ntchito kandodo. Ndiye mu 2007 kunabwera iPhone, yomwe zonse zinakonzedwera chala, komanso Asus Eee PC, kalaputopu kotsika mtengo kosafika madola 400. Wofuna cha m'thumba anatenga foni, wofuna kulemba anatenga kalaputopu. OQO inatseka mu 2009, ndipo iPad itafika mu 2010 nkhani ya Origami inangozilala.

Zinabwereranso kudzera ku Shenzhen m'dziko la China. Kampani ya GPD inatulutsa GPD Win mu 2016, Pocket mu 2017, ndi MicroPC mu 2019. Mu 2022 a Valve anatulutsa Steam Deck, yomwe cholinga chake ndi magemu koma m'kati mwake ndi kompyuta yathunthu yoyendera Linux, ndipo Asus ndi Lenovo anatsatira ndi zawo mu 2023. Chinasintha n'chakuti mapulosesa atsopano amagwira ntchito yambiri ndi moto wochepa, malo osungira zinthu salinso ndi mbale yozungulira yomwe inkawonongeka ikagwa, ndipo tchaja ndi ya USB-C, yofanana kamwa ndi ya mafoni ambiri.

Tsopano funso la ife pano. Kodi ndani akuifunadi?

Ndiyambe ndi amene sakuifuna, chifukwa ndiwo ambiri. Ngati ntchito yanu ndi WhatsApp, kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kuona mitengo ya soya, kumvera nyimbo ndi kujambula zithunzi za katundu amene mukugulitsa, foni yanu ikukwanira, ndipo ikuchita bwino kuposa kakompyutaka. Kugula aka chifukwa cha ntchito zimenezo kuli ngati kubwereka ngolo kuti mukatenge paketi ya mchere kugolosale. Ngakhale ntchito yodzaza mafomu muli chiimire siifuna Windows. Mukukumbukira kalembera wa 2018, anyamata ndi atsikana aja ankayenda khomo ndi khomo ali ndi matabuleti, ndipo dziko lonse linawerengedwa. Ana a sukulu za pulayimale amene akuphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti, nawonso chala chikuwakwanira.

Amene amapindula nako ndi munthu yemwe ali ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: pulogalamu yake siipezeka pa foni, ndipo ntchito yake siigwiridwa pa desiki.

Chitsanzo choonekeratu ndi amisiri. Mnyamata woika intaneti m'maofesi amakwera makwerero kukafika pa kabokosi kali kudenga, dzanja limodzi wagwira khoma. Laputopu aiika pati? GPD MicroPC ija anaipangira anthu otere. Ili ndi polowetsa chingwe cha netiweki, komanso polowetsa pa mtundu wakale potchedwa RS-232, pomwe makina ambiri a m'mafakitale ndi zipangizo za netiweki amalankhulira mpaka pano, pamene malaputopu atsopano anapachotsa kalekale. Makaniko wa galimoto za masiku ano amalumikiza kompyuta pansi pa chiwongolero kuti galimoto inene yokha chomwe chavuta, ndipo mapulogalamu ambiri a opanga galimoto amafuna Windows. Wokonza mafoni pamsika naye amafuna kompyuta pofulasha foni, koma benchi yake ndi yaing'ono ndipo madzulo amalongedza zonse kupita nazo kunyumba.

Gulu lina ndi la osunga mabuku a ndalama. Apa ndiyankhule ndi amayi a banki m'khonde ndi alembi a makopaletivu. Gulu la anthu 20, kope ndi cholembera zimakwana, musalole wina akunamizeni. Koma kopaletivu ya alimi mazana angapo, yogula mbewu m'misika ingapo, pomwe mlembi ayenera kulemba dzina, makilogalamu, mtengo, ngongole ya feteleza yochotsera, kenako n'kusindikiza lipoti la wogula wamkulu, pamenepo Excel yathunthu imapulumutsa mikangano. Mlembi amakhala pambali pa sikelo, walemba pomwepo, mlimi akuona ndi maso ake. Madzulo akafika ku ofesi amalumikiza kakompyutako ku sikirini yaikulu ndi kiyibodi yaikulu, n'kupitiriza pomwe analekezera. Zokopera kuchoka m'kope kupita mu kompyuta, komwe manambala amasochera, zimatheratu.

Palinso ojambula pa maukwati amene amafuna kutsitsa zithunzi m'kamera khadi ikadzaza, oimba nyimbo pa zisangalalo, ndi aphunzitsi kapena alangizi oyenda ndi pulojekita pa njinga.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Mwafunsa za ophunzira a ku koleji, eti? Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo ndikunena motsindika. Wophunzira amalemba masamba ambiri usiku. Mabatani a timakompyuta timeneti ndi opanikizana, ambiri amalembedwa ndi zala zazikulu ziwiri, ndipo pakatha ola limodzi manja ndi maso zatopa. Ndalama yomweyo mugulireni laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ya mainchesi 13 kapena 14. Ikawonongeka, zida zake zimapezeka ku Lilongwe, ku Limbe kapena ku Mzuzu, ndipo amisiri amaidziwa.

Tifike pa moto, chifukwa kuno nkhani iliyonse ya makina imathera pamenepo. Apa ndi pomwe kakompyutaka kamandisangalatsa. Kompyuta ya pa desiki pamodzi ndi sikirini yake imatha kudya mawati 100 kapena kuposa, ndipo magetsi akangothima nayo yathima, zomwe simunasunge zapita. Aka, pa ntchito yolemba ndi kuwerengera, kamadya mawati pafupifupi 10, ndipo kali ndi batire lakelake. Sola ya pakhomo yomwe singayatse kompyuta yaikulu, aka imakakwanitsa.

Koma pali msampha womwe wagwira anthu ambiri. Mukaona kamwa la USB-C musaganize kuti tchaja iliyonse ya foni igwira. Tchaja wamba ndi pawabanki wamba zimatulutsa mavoti 5. Makompyuta ambiri otere amafuna mavoti 12, 15 kapena 20, ndipo amachita kukambirana ndi tchaja kudzera m'njira yotchedwa Power Delivery. Ndiye pogula pawabanki yang'anani zilembo ziwiri, PD, ndi nambala ya mawati. Steam Deck mwachitsanzo imabwera ndi tchaja ya mawati 45. Mukailumikiza ku katchaja ka foni, mwina idzatchaja pang'onopang'ono kwambiri, mwinanso osatchaja n'komwe, inu n'kumati yafa pomwe ili bwinobwino. Musanyengedwenso ndi nambala yaikulu yolembedwa pa pawabanki. Ya 20,000 mAh imasunga moto wokwana mawati 74 kwa ola limodzi, ndipo wina umatayika posintha mavoti. Batire la Steam Deck yoyamba limasunga moto wokwana mawati 40 kwa ola limodzi. Ndiye kuti pawabanki imeneyo idzadzaza kamodzi n'kutsala pang'ono, osati kanayi ngati mmene imachitira ndi foni.

Bandulo nayo muisamale. Windows ikaona intaneti imayamba yokha kutsitsa zokonzera, nthawi zina magigabaiti angapo, osakufunsani. Mukalumikiza ku foni yanu, lowani pa zosankha za netiweki n'kutchera poti metered connection. Mukatero Windows imadziwa kuti intanetiyo ndi yolipira ndipo imachepetsa dyera. Zokonzerazo n'zofunika, musazithawe, koma muzizitsitsa pamalo pomwe pali Wi-Fi.

Kwa amene mwatsimikiza kugula, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito, musapereke ndalama musanaiyatse. Ichotseni pa tchaja, tsegulani vidiyo, muone kuti batire latsika bwanji pa mphindi 20. Dinani batani lililonse. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo, chifukwa pa mahinji ndi pomwe timakompyuta timeneti timayambira kuthyoka, ndipo chingwe cha sikirini chimadutsa pomwepo. Ikani khutu pa kafani: kakamalira ngati kakukhula penapake, fumbi ladzaza kapena kakutha. Funsani kuti muli Windows iti. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makina akale ambiri salola Windows 11. Imeneyi imafuna memore yosachepera magigabaiti 4, koma ine ndimati musatenge yochepera 8, chifukwa m'timakompyuta tambiri totere memore ndi yomatiriratu, simungawonjezere pambuyo pake. Ndipo funsani wogulitsayo funso lomwe sakonda: batire likatha, lina ndikalipeza kuti? Ngati yankho ndi loti muchite kuitanitsa ku China, werengerani mtengo wake ndi masabata odikira musanasangalale.

Agogo apa afunsa za maso. Zoona, zilembo zimaoneka zazing'ono kwambiri ikangobwera kumene. Pa zosankha za sikirini mutha kuzikulitsa kufika pa 150 kapena 200 pa 100 iliyonse, ndipo zimawerengeka bwino, kungoti mizere yooneka nthawi imodzi imachepa. Kwa amene maso anayamba kale kuvuta, tabuleti ya mainchesi 10 ingakukomereni koposa.

Chinthu cholowa m'thumba chimatulukanso m'thumba mosavuta, mu minibasi kapena pamsika. Ngati muli mlembi wa gulu, maina ndi ngongole za anthu zili m'menemo. Ikani nambala yachinsinsi yotsegulira, ndipo Loweruka lililonse koperani mabuku onse pa fulashi yomwe izisungidwa ndi msungichuma, osati m'chikwama chomwecho chonyamulira kompyuta.

Funso lomaliza lachokera kwa bambo ali pakhomowo, lokhudza kutentha. Kompyutayi musaisiye padzuwa, pa dashibodi ya galimoto kapena pansi pa malata masana a mwezi wa October, ndipo musamaitchaje ili pa bulangete kapena pa matiresi, chifukwa timabowo totulutsira mpweya timatsekeka. Mukadzaona kuti pansi pake patukuka, kapena mabatani akwera m'mwamba, dziwani kuti batire latupa. Siyani kuitchaja tsiku lomwelo. Musaliboole ndi singano kuti mpweya utuluke, monga ena amachitira ndi mabatire a foni, chifukwa batire la lithium likabooledwa limayaka moto wovuta kuzimitsa, ndipo utsi wake ndi woipa. Musaliponyenso m'dzala lotenthera zinyalala kumene ana amasewera. Iikeni pa simenti kapena pa mchenga, kutali ndi udzu, nsalu ndi mafuta, kenako pitani nayo kwa mmisiri akalichotse.