Ana atatu, mipando itatu: musagule galimoto musanayeze ndi tepi

Imani kaye, musatumize ndalama ku Japan. Ngati muli ndi ana ang'onoang'ono awiri kapena atatu ndipo mukusaka galimoto ya banja, khalani nane mpaka kumapeto, chifukwa nambala imene ambirife timayamba kufunsa, nambala ya mipando, ndiyo ikutisocheretsa. Tepi iyi ndagwirayi ikuonetsani.

Muli bwanji makolo anzanga? A ku Chelstone kwathu kuno, a ku Matero, Kabwata, Chilenje, ndi inu amene mukuonera muli ku Chipata ndi ku Katete, takulandirani. Ngati n'koyamba kufika pano, dinani subscribe ndi kabelu kaja pompano tisanapite patali. Mwadina? Tiyeni.

Zoyambirira ndithamanga nazo, ambiri mukuzidziwa. Mipando ya ana ilipo mitundu itatu. Wa khanda, woyang'ana kumbuyo, umafika makilo 13 pa muyezo wakale wa R44. Wotsatira ndi wa makilo 9 mpaka 18, wokhala ndi malamba akeake. Womaliza ndi booster, makilo 15 mpaka 36, umene umangomukweza mwana kuti lamba wa galimoto amudutse paphewa, osati pakhosi. Muyezo watsopano, R129 kapena i-Size, umapimira msinkhu, ndipo umati mwana aziyang'ana kumbuyo mpaka atakwanitsa miyezi 15. Tembenuzani mpando, mufune kapepala ka olenji kokhala ndi chilembo E. Kakasowa, usiyeni. Mpando woyang'ana kumbuyo sauika kutsogolo pamene pali airbag yogwira ntchito, ayi ndithu. Za mwana wa pamiyendo ndinapanga kale vidiyo yakeyake, ili pamwambapa, koma mawu amodzi okha: kugunda chinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita pafupifupi 10. Palibe mayi amene mikono yake ingagwire mwana pamenepo, ngakhale amukonde chotani. A WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amati mpando wa mwana ungachepetse imfa za makanda pa ngozi ndi 71 peresenti. Basi, tapita.

Tsopano bodza limene limandiwawa mumtima. Mumalimva kuyadi iliyonse ya magalimoto, mumaliwerenga pa Facebook tsiku lililonse: "Iyi ndi seven seater bosi, banja lonse likwana." Abale anga, mipando 7 ya akuluakulu si mipando 7 ya ana. Si mipando itatu ya ana n'komwe.

Ndikunena zimene zinandigwera ineyo. Mapasa athu atabadwa, mwana wathu woyamba anali ndi zaka zitatu. Ndinafunsa ajenti wina funso limodzi lokha, kuti mipando itatu ya ana ikwana? Anati musadandaule, ndi ya mipando 7. Anatumiza zithunzi pa WhatsApp, galimoto yoyera bwino. Inatsika ku Dar es Salaam, inalowa pa Nakonde, msonkho tinalipira, nambala inatuluka. Loweruka m'mawa ine ndi amayi a kunyumba tinatulutsa mipando. Wa mapasa woyamba unalowa, wachiwiri unalowa, pakati panatsala kampata koti mungaikepo chikwama cha kusukulu basi. Tinati chabwino, wamkuluyu apite mzere wachitatu. Koma kuti munthu afike kumeneko ayenera kupinda mpando wa mzere wachiwiri, ndipo pampando umenewo tamangapo kale mpando wa khanda. Ndiye m'mawa uliwonse mwana ankalowera kubuti, ine nditawerama kumumanga lamba, mvula ikundikhuthukira pamsana. Mzere wachitatu ukaimikidwa, buti yatha, ngakhale thumba la ufa la makilo 25 linkavuta kulowa. Tinaigulitsa motchipa chaka chisanathe, ndipo ndalama imeneyo inali ya sukulu ya ana.

Chifukwa chake n'chiyani? Tamverani bwino apa, chifukwa ogulitsa ambiri sakuuzani. Ku Japan kuli gulu la magalimoto ang'onoang'ono, aja nambala yawo ya gulu imayamba ndi 5, ndipo galimoto kuti ikhale m'gulu limeneli isapitirire mamita 1.7 m'lifupi. Opanga magalimoto amafika m'malire mwenimweni, mamilimita 1,695. Toyota Wish wamba, 1,695. Sienta, 1,695. Honda Freed, 1,695. Noah ndi Voxy wamba za zaka zimene ambirife timagula, 1,695. Tsopano gwirani mtima: Allion nayo ndi 1,695, ndipo Honda Fit yoyambira 2007 ndi 1,695. Mwamva? Galimoto ya mipando 7 ija m'lifupi ndi chimodzimodzi ndi Fit ya aneba anu. Anaitalikitsa, ena anaikweza denga, koma sanaikulitse m'mbali.

Ndipo 1,695 imeneyo ndi ya kunja. Chotsanipo zitseko ziwiri, chotsanipo poika mkono. Mpando wa mwana wa i-Size amaulola kufika masentimita 44 m'lifupi. Itatu ndi masentimita 132. Pamwamba pa 132 pakufunika mpata woti dzanja lanu lilowe kukatseka lamba wa booster, tsiku lililonse, kawiri, kanayi. Onani apa, ndayala tepi pampando wakumbuyo wa galimoto iyi. Pamapewa pakuoneka pabwino, koma tsikani pansi pamene mpando wa mwana umakhala: khushoni yapakati yatukuka ngati chulu, ndipo potsekera malamba patuluka pamalo pomwe mpando wapakati uyenera kukhazikika. Mu magalimoto ena zimatheka ndi mipando yowonda, mu ena sizitheka ngakhale mukankhe ndi bondo. Amene amaweruza ndi tepi, osati nambala ya pa chithunzi.

Wina akulemba kale m'makomenti kuti ine ndigula Prado, nkhani yatha. Achimwene, sinathe. Galimoto yaitali kupita m'mwamba si kuti mpando wake wapakati ndi waukulu. M'magalimoto ambiri, ang'ono ndi aakulu omwe, tizitsulo ta ISOFIX, tokolowekapo mpando wa mwana, timakhala pa mipando iwiri ya m'mbali yokha. Land Cruiser zija zokhala ndi mabenchi oyang'anizana kumbuyo, pabenchi loyang'ana cham'mbali sitimangapo mpando wa mwana. Ndipo inu a double cab amene mumati malo akachepa ana akwere kumbuyo kwa katundu, ndimakuonani pa Great East Road Lamlungu lililonse, tiana titagwira zitsulo mphepo ikutiomba. Chonde lekani. Ndikupemphani ngati kholo mnzanu.

Pali chinanso chimene bodzali limabisa, lamba wapakati. Magalimoto ambiri a ku Japan opangidwa July 2012 isanafike ali ndi lamba wa m'chiuno yekha pampando wapakati, wopanda wa paphewa. Booster pa lamba wotere siigwira ntchito yake, chifukwa pa ngozi mwana amapindika pakati, lamba n'kumulowa m'mimba. Kuyambira July 2012 Japan inalamula kuti magalimoto atsopano akhale ndi lamba wa paphewa pakati pomwe, ndiponso ISOFIX. Ndiye chaka cha galimoto si nkhani ya msonkho wa ZRA yokha. Ndipo musaganize kuti pepala la fitinesi likuyankhani funso ili. A RTSA amaona ngati galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, sakuyezerani ngati mipando ya ana anu atatu ikwana. Imeneyo ndi ntchito yanu.

Ngati mwaphunzirapo kanthu kufika apa, dinani like, ndipo tumizani vidiyoyi ku gulu la WhatsApp la kumpingo kapena la kusukulu ya mkaka. Pali mlamu wanu amene akufuna kulipira sabata ino.

Tsopano zoyenera kuchita, ndili nazo zisanu.

Choyamba, nyamulani mipando yanu yeniyeniyo mupite nayo kuyadi. Yonse, osati umodzi. Imangeni monga mudzaimangire tsiku lililonse, tsekani zitseko zonse, muone ngati chitseko chikukankha mpando. Gwirani mpando pamene lamba akudutsa, muugwedeze. Ukasuntha kupitirira masentimita awiri ndi theka, sunamangike. Kenako khalani pa chiwongolero, bwezani mpando wanu mmene mumayendetsera, chifukwa mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo umadya malo ambiri kutsogolo kwake, ndipo bambo wamtali angapezeke mawondo ali pa dashibodi ulendo wonse wa ku Petauke. Wogulitsa akakana kuti muyese, thokozani, tulukani, mayadi ndi ambiri mu Lusaka muno. Ngati mukuitanitsa kunja, pezani kaye galimoto ya mtundu womwewo ndi chaka chomwecho kwa mnzanu wa kuntchito kapena kutchalitchi, muyeserepo. Ajenti akutumizireni chithunzi cha lamba wapakati ndi cha mzere wachitatu, osati cha marimu. Safunsa anadya phula.

Ndingopatukako pang'ono. Mipando ya salaula ndi ya pa Facebook, ndikudziwa, yatsopano ndi yodula, nanenso ndinagulapo wogwiritsidwa kale ntchito. Koma gulani kwa munthu amene mukumudziwa, amene angakuuzeni zoona ngati mpandowo unakhalapo pa ngozi. Mng'alu wa m'kati suoneka ndi maso. Onaninso deti lopangira pansi pake, pulasitiki imakalamba ndi dzuwa lathuli.

Chachiwiri, pisani dzanja pakati pa khushoni ndi chotsamira, mufufuze tizitsulo tiwiri totalikirana masentimita 28. Ndiyo ISOFIX. Werengani mipando imene ili nato, muonenso kuseri kwa chotsamira pokolowekera lamba wa pamwamba. Pakasowa ISOFIX si mlandu, mpando womanga bwino ndi lamba wa paphewa umateteza. Choopsa ndi lamba wa m'chiuno yekha pansi pa booster.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chinatipulumutsa ife, ndi njira yopitira kumbuyo. Noah ndi Voxy zimabwera mitundu iwiri, ya mipando 8 ndi ya mipando 7. Ya 8 ili ndi benchi mzere wachiwiri. Ya 7 ili ndi mipando iwiri yosiyana, pakati pali kanjira. Kanjira kameneko ndi golide. Makanda awiri amakhala pamipando iwiriyo osamasula chilichonse, wamkulu amadutsa pakati n'kukakhala pa booster yake mzere wachitatu, agogo n'kukhala naye pambali popita kutchalitchi. Mukuona kuti pano ya mipando yochepa ndiyo ikutenga ana bwino kuposa ya mipando yambiri? Onjezani zitseko zokoka cham'mbali ngati za minibasi. Amene munayesapo kutulutsa khanda lili mtulo pamalo oimikapo magalimoto ku Manda Hill kumapeto kwa mwezi, galimoto ina itakupanikizani, mukudziwa chimene ndikunena. Nissan Serena ndi Honda Stepwgn ndi za banja lomwelo, ziyeseni. Alphard ndi yotakata kupitirira mamita 1.8, malo ndi ambiri, koma injini yake ndi ya malita 2.4 kupita m'mwamba pomwe Noah ndi 2.0, ndiye muwerengere mafuta a ku Kafue Road m'mawa. Ngati mukufunadi ana onse atatu mzere umodzi, yang'anani za ku Ulaya monga Volkswagen Touran ndi Ford S-Max, zili ndi mipando itatu yosiyana mzere wachiwiri. Koma musanagule funsani makaniko wanu ngati amazidziwa ndiponso ngati masipeya ake amapezeka msanga. Ine ndimakonda ya kanjira pakati, ndanena poyera.

Chachinayi, buti. Imikani mzere wachitatu, ikani ngolo ya mwana ndi thumba la ufa, tsekani.

Chachisanu, misewu yathu ndi nyengo yathu. Magalimoto a banjawa ambiri ndi otsika pansi, ndipo mukadzaza anthu amatsikiratu. Ngati mumakhala kumene madzi amadzaza m'January, ku Kanyama kapena mbali zina za Chawama, kapena mumapita kumudzi kupitirira pamene phula lathera, weramani muone pansi pake musanalipire. Yatsaninso mpweya wozizira, mukhale nokha mzere wachitatu kwa mphindi zingapo mumve ngati ukufika. M'October mwana womangidwa mumpando amatenthedwa msanga kuposa inu amene muli kutsogolo, ndipo musamusiye m'galimoto yotseka ngakhale mukungolowa m'shopu kukagula buledi.

Sabata yamawa ndikupita ndi mipando itatu yomweyi kukayeza magalimoto amene mutasankhe inuyo, kamera ikuona, tepi ikuona. Lembani m'makomenti mtundu wa galimoto, chaka chake, ndi zaka za ana anu. Amene atchulidwe kwambiri ndiyamba nawo.