Musataye phulusa musanafukule

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Lero tili pa Yeremiya 36:28, paja Mulungu anauza mneneri kuti atenge mpukutu wina, alembenso. Ndineneretu chomwe ndadzera, poti ena mumawerenga mawu a m'mawa muli m'minibasi ndipo simufika kumapeto: ngati pali chimene chakupsererani sabata ino, musathamangire kudzala ndi phulusa lake. Fukulani kaye.

Ine sabata ino yandipweteka. Lachiwiri usiku laputopu yanga inangothima ndili pakati pa chiganizo. Ndinati mwina ndi batire. Lachitatu ndinapita nayo kwa wokonza m'tauni, iye n'kuitsegula, n'kupukusa mutu, n'kufunsa kuti, "Bwana, zinthu zanu munasunganso pena?" Sindinasunge. Fulashi ndili nayo, koma muli nyimbo za kwaya ndi zithunzi za ukwati wa msuweni wanga. Akuluakulu adati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Ine tsiku lililonse ndinkati ndidzatonola mawa.

M'menemo munali mabuku awiri amene ndakhala ndikulimbana nawo zaka ziwiri. Loyamba ndi nthano yaitali, mitu 14, ya mtsikana wa ku Phalombe amene akukwera phiri kulowera ku Sapitwa kukafunsa Napolo komwe adasiya mlongo wake. Inamera pa zomwe agogo ankatiuza za March 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, anthu n'kumati wadutsa Napolo. Lachiwiri ndi kabuku ka pemphero kolembera magadiyani, aja amagona pa simenti m'zipatala akudikirira odwala awo. Ka mitu 6 basi. Zonse zapita, ngakhale chilembo chimodzi chotsala.

Lachinayi m'mawa sindinafune kuona munthu. Koma amayi ali kuno masiku ano, ndipo amayi sadziwa zoti mwana wamwamuna angagone mpaka dzuwa kulowa pawindo chifukwa cha makina. Anandituma kukoleza mbaula. Ndinaipeza ili yotuwa, yozizira m'mphepete, ndipo ndinainyamula kuti ndikakhuthule kuseri.

"Iwe! Wafukula?"

"Amayi, moto unazima kalekale uwu."

Sanandiyankhe. Anatola kamtengo, n'kutakasa phulusa pang'onopang'ono, ndipo pansi penipeni panali khala limodzi laling'ono ngati nyemba, lofiira. Analizinga ndi tizidutswa ta makala, tija timatsalira pansi pa thumba, n'kuyamba kukupiza ndi chivindikiro cha poto. Phala la tsiku limenelo linapsa popanda machesi. Atatha anangoti, "Ana a masiku ano mumaona phulusa n'kuyamba kulengeza maliro."

Sankanena za mabuku anga. Koma ine ndinamva.

Nkhani ya m'mutu 36 wa Yeremiya mukuidziwa. Nayonso ili ndi mbaula. Mfumu Yehoyakimu ikuwotha moto m'nyumba yake ya nyengo yozizira, mtumiki wake Yehudi akuiwerengera mpukutu wa mawu a Yeremiya, ndipo akangotha magawo atatu kapena anayi, mfumu ikudula ndi kampeni n'kuponya pamoto, mpaka mpukutu wonse kutha. Ambiri tikamawerenga timaganiza za Yeremiya. Ine sabata ino ndaganiza za Baruki, mwana wa Neriya, amene dzanja lake ndi lomwe linalemba. Mawu a zaka zoposa 20, kuyambira masiku a Yosiya, iye anawalemba ndi inki chilembo ndi chilembo. Analibe fulashi woiwala kusungamo. Ndipo Mulungu sanabweze mpukutu wopsawo kuchokera m'phulusa, ngakhale akanatha. Anangoti tenga wina. Mfumu inatentha mpukutu ndi inki, koma khala linali mwa Yeremiya, uja anadandaula kuti mawu ali ngati moto wotsekeredwa m'mafupa ake. Vesi lomaliza la mutuwo likuti pa mpukutu wachiwiri anawonjezapo mawu ena ambiri. Wachiwiri unatuluka wautali kuposa woyamba.

Fukulani, m'bale wanga. Geni yagwa, mayeso a MSCE sanayende, munda wapsa ndi dzuwa, chibwenzi chimene munkati chifika ku chinkhoswe chathera pa foni. Pamwamba pali potuwa, sindikukana. Koma mwatakasa pansi? Kapena mwanyamula kale mbaula, muli panjira ya kudzala, mukuuza aliyense kuti zanu zinatha?

Tsopano ndidzidzudzule ndekha, ndipo amene nsapato imukwane avale. Nditatakasa phulusa langa, choyamba kutuluka sichinali khala. Zinali zinyalala. Ndinadzifunsa kuti kwenikweni ndikulirira chiyani, ndipo yankho linandichititsa manyazi. Sindinkalirira gadiyani wogona pa simenti amene sadzawerenganso kabuku kaja. Ndinkalirira tsiku lokhazikitsa buku limene ndinali nditalikonza kale m'mutu: holo yodzaza, dzina langa pachikuto, ine nditavala jekete, wa wailesi akundifunsa kuti nzeru zoterezi ndimazitenga kuti. Ndipo poti tili pa chilungamo, mutu wachinayi wa kabuku ka pemphero ndinaulemba mwezi umene ineyo sindinkapemphera n'komwe. Ziganizo zinali zosalala, maondo ali ouma.

Baruki yemweyo ali ndi mutu wakewake, Yeremiya 45, wa mavesi asanu okha. Akudandaula kuti watopa ndi kubuula, sakupeza mpumulo. Ndipo Mulungu, m'malo momusisita pamsana, akumufunsa ngati akudzifunira zinthu zazikulu, n'kumuuza kuti asazifune. Mlembiyu sanali munthu wamba. Mbale wake Seraya anali ndi udindo kwa mfumu Zedekiya. Mwina naye ankaona kuti cholembera chake chikanamufikitsa patali. Chimene analonjezedwa ndi moyo wake basi, kulikonse kumene angapite. Vesi limeneli landiwotcha kuposa la mbaula ya mfumu. Phulusa lina, abale, ndi loyeneradi kudzala. Pofukula pamafunika maso, kuti usatole mwala wotentha n'kumauyesa khala.

Pali chinanso. Nkhani itamveka, munthu wina wa kutchalitchi, wondikonda ndithu, anandilembera kuti mwina Ambuye achotsa okha buku la Napolo lija, poti Mkhristu salemba za zinjoka ndi mizimu ya m'phiri. Usiku umenewo ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Koma ngati ndi choncho, kabuku ka pemphero kanalakwanji kuti kapsere limodzi? Ndipo Baibulo lomwe tanyamulali, mu Oweruza 9 mitengo ikuyankhulana posankha mfumu. Natani anagwetsa Davide ndi nkhani yopeka ya kamwana ka nkhosa. Chivumbulutso 12 muli chinjoka cha mitu isanu ndi iwiri. Agogo amene ankati "Padangokhala," ife n'kumavomera "Tili tonse," ndi omwewo anatiphunzitsa Pemphero la Ambuye, pa moto womwewo. Mtsikana wanga wa ku Phalombe akufunsa funso limene mayi aliyense amene madzi anamulanda mwana anafunsa Mulungu, ndipo sindikuona kuti kulilemba n'kutuluka m'chikhulupiriro. Tisamafulumire kuwerenga chiweruzo cha Mulungu pa makina aliwonse ofa. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala chete. Anayamba kulakwa atatsegula pakamwa. Mnzanu akapsereza, mubwerekeni chivindikiro chokupizira. Musamuthirire madzi.

Khala langa ndalipeza. Mutu wachitatu ndinautumiza kwa mnzanga wina pa WhatsApp mu February, ndipo iye sachotsa mauthenga, Mulungu amudalitse. Nyimbo imene mtsikana uja amaimba powoloka mtsinje ili m'mutu mwanga, chifukwa ndi ya agogo. Ndipo fungo la khonde la chipatala usiku, pamene ndinadikirira bambo milungu itatu, palibe makina angalifufute. N'zochepa. Khala la amayi nalonso linali ngati nyemba.

Chimene ndaona pa dzanja la amayi n'chakuti khala lotere sulikhuthulira thumba lonse la makala. Ukatero walipha. Lachisanu ndinalumbira kuti ndilembanso mitu 14 yonse mwezi uno usanathe, ndinakhala pampando maola atatu, osatulutsa kanthu koma utsi. Inu amene mukuyambiranso geni, musathamangire katapila kuti mubwerere pomwe munali sabata imodzi. Inu amene mwasiya kupemphera chaka chonse, musayambe ndi kusala kudya masiku 40. Tizidutswa ta pansi pa thumba, kenako kukupiza, kenako kudikira. Maso alira ndi utsi, koma musaleke kukupiza.

Ambuye, kwa aliyense amene wadzuka lero atanyamula mbaula yotuwa, mugwireni dzanja asanafike kudzala. Ndipo zazikulu zimene timadzifunira, mutichotsere mofatsa. Amen.

Lero ndadzuka 4 koloko, ndalemba tsamba limodzi ndi theka m'kope la ana asukulu, ndi bolopeni. Mtsikana uja wangofika pa Fort Lister, mpata wa pakati pa mapiri a Michesi ndi Mulanje, ndipo ulendo uno wanyamula chikuni cha moto chimene m'buku loyamba analibe. Ndajambula masambawo pa foni n'kutumizira mnzanga uja. Amayi akuitana, ati makala atsala ochepa.