Makalata a omvera: Kodi UCLA inkapambana chifukwa cha msinkhu wokha?

Takulandirani, omvera athu, m'gawo la makalata. Sabata ino ambiri mwalemba za nkhani imodzi, ya timu ya amuna ya basketball ya pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles m'dziko la America, imene tidaikamba pang'ono m'pulogalamu yapitayi.

Achimwene a ku Mzuzu akufunsa kuti timuyi ili ndi zikho zingati za NCAA, mpikisano wa mayunivesite a m'dzikolo. Ili nazo 11, achimwene, ndipo palibe timu ina ya amuna imene yafikapo pamenepo. Kentucky ikubwera pambuyo ndi zikho 8.

Koma kalata imene yandikhalitsa pansi ndi ya bambo a ku Zomba, amene alemba kuti: "Lekani kutamanda John Wooden. Mphunzitsi aliyense atapatsidwa zimphona ngati Lew Alcindor ndi Bill Walton akhoza kutenga chikho ali m'tulo." Bambo, mwalemba mokwiya ndithu, moti cholembera chanu chaboola pepala, koma lolani kuti ndikutsutseni mwaulemu.

Pa zikho 10 zimene Wooden, mphunzitsi wa UCLA nthawi imeneyo, adatenga pakati pa 1964 ndi 1975, theka lake adazitenga popanda anyamata awiri mwawatchulawo. Timu ya 1964 idasewera masewero 30 osagonjako ngakhale kamodzi, chonsecho mwa osewera asanu oyamba munalibe woposa mamita 1.96, umene m'masewerowa si msinkhu wochititsa mantha. Chida chawo chinali liwiro, komanso kupanikiza anzawo bwalo lonse kuyambira pomwe akuyambitsa mpira, mpaka awo atatopa n'kuyamba kutaya mpira okha. Umu ndi mmene adagonjetsera Duke m'ndime yomaliza, ndipo mu 1965 adabwereza pogonjetsa Michigan, Gail Goodrich atamwetsa mapointi 42. Alcindor adachoka mu 1969, anthu n'kumati ufumu watha, koma zikho za 1970 ndi 1971 zidapitabe ku UCLA. Walton atachoka, chikho cha 1975 chidabweranso.

Sindikukana kuti awiriwa anali apadera. Alcindor, wa mamita 2.18, adatenga zikho zitatu zotsatizana, ndipo mu 1967 akuluakulu a mpikisano adaletsa dunk, kuja kolumpha n'kukankhira mpira m'ringi kuchokera pamwamba, lamulo limene ambiri adaliona kuti lidalunjika kwa iyeyo. Walton naye, m'ndime yomaliza ya 1973 polimbana ndi Memphis State, adaponya maulendo 22 n'kuphonya kamodzi kokha. Komabe Walton yemweyo analipo mu 1974 pamene North Carolina State idawatulutsa mu semifainolo. Msinkhu wokha ukadakhala wokwanira, bambo, tsiku limenelo sakadagonja.

Chimene ine ndimachiona mwa Wooden ndi kusanyozera tinthu ting'onoting'ono. Osewera ake akhala akusimba kuti asadagwire n'komwe mpira, ankawakhazika pansi n'kuwaphunzitsa kuvala sokosi: kuikoka bwino, kusalaza makwinya kuchidendene ndi kuzala, kenako kumanga zingwe za nsapato molimba, chifukwa khwinya limodzi limabala thuza, ndipo wathuza sathamanga. Tangoganizani, anyamata odziwika dziko lonse akuphunzitsidwa kuvala sokosi!

Palinso makalata angapo, ochokera ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Johannesburg, odandaula kuti chitengereni chikho cha 1995 pansi pa Jim Harrick, UCLA sidatengenso china, choncho aphunzitsi aziwachotsa msanga akalephera. Abale anga, mtima wapachala umenewu ndimaumva kawirikawiri kwa ochemerera, ndipo sundisangalatsa. Wooden adafika pa UCLA mu 1948 ndipo adatha zaka 15 asadaone chikho cha NCAA. Akadakhala kuti akuluakulu a sukuluyo anali ndi mtima ngati wanuwu, bwenzi atamupitikitsa kalekale, ife lero tilibe chokamba. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphunzitsi Ben Howland adafikitsa timuyi m'gulu la matimu anayi omaliza zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 2006 mpaka 2008, koma mu 2013 adamuchotsa ntchito, ndipo chikho mukulirirachi sichidabwerebe. Vuto lenileni n'lakuti aliyense wokhala pampando umenewo amamuyeza ndi Wooden, pamene masiku ano osewera aluso ambiri amasewera chaka chimodzi kapena ziwiri n'kupita ku NBA, ligi yaikulu ya akatswiri a basketball ku America, osati kukhwimira pasukulu ngati kale.

Mayi a ku Dedza akufunsa za masewero 88 amene timuyi idapambana motsatizana. Zidayamba mu 1971, mayi, ndipo adazithetsa ndi a Notre Dame mu Januwale 1974, atapambana 71 kwa 70.

Pomaliza, mnyamata wa ku Mangochi akufuna kudziwa ngati Lew Alcindor ndi Kareem Abdul-Jabbar ali pachibale, popeza pazithunzi amafanana kwambiri. Mwana wanga, sangalephere kufanana, ndi munthu mmodzi yemweyo. Adalowa Chisilamu, ndipo dzina latsopanolo adayamba kudziwika nalo mu 1971, akusewerera Milwaukee Bucks.