Mavenda a ku London zaka 400 zapitazo: msika, okala ndi ngongole za nthawi imeneyo

Muli bwanji nonse, takulandiraninso pa tchanelo chathu. Lero tikupita ku England cha m'ma 1550 mpaka 1750, tikawone munthu wamba akafuna buledi, singano kapena malaya ankapita kuti. Pali bodza lina limene ndatopa nalo m'makomenti, tilifikira pa nambala 4, ndiye musachoke. Ngati simunadine subscribe dinani pompano, ndikudikira... chabwino, tiyeni.

Nambala 1, msika. Tauni iliyonse inali ndi tsiku lake la msika, kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo chilolezo chokhala ndi msika chinkachokera kwa mfumu. Belu likalira m'pamene malonda ayambe. Ukakachingamira alimi panjira n'kuwagula mbewu asanafike pamsika kuti ukagulitse modula, umenewo unali mlandu, lamulo la 1552 linaletseratu. Mavenda a chimanga mukundimva? Msika waukulu wa London unali Cheapside, ndipo mpaka lero timisewu ta pambali pake timatchedwa Bread Street, Milk Street, Poultry, dzina lake likukuuziratu kuti apa pankagulitsidwa buledi, apa mkaka, apa nkhuku.

Nambala 2, mashopu. Mwachangu. Shopu inali chipinda chakutsogolo cha nyumba, banja limagona kumtunda. Mawindo agalasi poyamba kunalibe, thabwa lotsekera windo ukalitsitsa m'mawa limasanduka kauntala, ndendende okala ya kwathu kuno. Manambala a nyumba kunalibenso, anayamba cha m'ma 1760, ndiye shopu umayidziwa ndi chikwangwani cha chithunzi cholendewera panja. Olemera ankapita ku Royal Exchange, nyumba yaikulu ya malonda mu London imene anamanga wamalonda wina dzina lake Thomas Gresham ndipo Mfumukazi Elizabeth I inatsegulira mu 1571, kumtunda kwake kuli timashopu tambirimbiri ta magolovesi ndi nsalu zodula. Inapsa ndi moto waukulu umene unawononga London mu 1666.

Nambala 3, misika ikuluikulu ya pachaka. Wotchuka ndi Bartholomew Fair ku Smithfield mu London, unayamba 1133, umachitika mu Ogasiti, unadzatsekedwa 1855 akuluakulu atatopa ndi phokoso komanso akuba. Kunali nsalu, nkhumba yowotcha, zisudzo, anthu oyenda pachingwe, opisa m'matumba osasowa. Chimene chimandisangalatsa ine ndi khoti lake, linali pomwepo pamsika, dzina lake loti Pie Powder limachokera ku Chifalansa kutanthauza mapazi a fumbi, chifukwa linali la anthu apaulendo. Wina wakubera pa sikelo m'mawa, masana mlandu watha, palibe za bwerani mwezi wamawa fayilo sikuwoneka. Komanso m'nyengo yozizira ya 1683 kulowa 1684 mtsinje wa Thames, umene umadutsa mu London, unauma gwa, anthu n'kumanga misasa pamwamba pa madzi oundana, kuwotcha ng'ombe yathunthu pomwepo, wina anabwera ndi makina osindikizira n'kumalipiritsa anthu kuti awasindikizire dzina pa kapepala kachikumbutso. Bizinezi imafuna maso akuluakulu.

Tsopano nambala 4, khalani bwino. Vidiyo iliyonse ya mbiri yakale pamapezeka munthu wolemba kuti "kalelo ndalama kunalibe, anthu ankangosinthana nkhuku ndi mchere." Achimwene, ayi. Ayi ndithu. Ndalama zinalipo, mapaundi, mashileni, mapeni. Mapeni 12 shileni imodzi, mashileni 20 paundi imodzi, agogo athu amene anagwirako ndalama za nthawi ya atsamunda akuzidziwa bwino zimenezi, kawafunseni. Chinthu chilichonse chinali ndi mtengo wake m'ndalama. Vuto linali lakuti makobidi enieniwo anali osakwanira, makamaka tating'onoting'ono ta tchenji. Ndalama zambiri zinali za siliva, ndipo peni ya siliva inali kale kakang'ono ngati chikhadabo, ndiye kotala ya peni upanga bwanji? Kuwonjezera apo anthu ankameta m'mphepete mwa makobidi, kudula pang'onopang'ono siliva uja n'kumusungunula, mpaka mu 1696 boma linachita kusula ndalama zonse mwatsopano, ndipo chaka chomwecho Isaac Newton, yemweyo wa ku fiziki, anamupatsa udindo ku nyumba yosulira ndalama n'kumasaka opanga zachinyengo.

Ndiye ngati makobidi palibe ankagula bwanji? Pa ngongole. Basi. Wogulitsa buledi, wa mowa, telala, onse anali ndi kabuku kapena thabwa lolembapo ndi choko, ena kamtengo kodula timipata kuwerengera malofu amene watenga. Umatenga lero, mawa, mwezi wonse, kenaka tsiku lina mumakhala pansi kuwerengetsana, iwe unandisokera nsapato za mashileni atatu, ine ndinakupatsa tchizi cha mashileni anayi, ndiye yotsala shileni imodzi ndipatse. Mwawona? Munthu wongoyang'ana patali anena kuti asinthana nsapato ndi tchizi, koma zonse zawerengedwa m'ndalama, kobidi lomwe ladutsa m'manja ndi limodzi lokha. Ine mayi anga anali ndi okala ndili mwana, kabuku ka ngongole kaja ndinkalemba ndine, shuga theka, sopo mmodzi, kandulo awiri, kudikira pa 27 aphunzitsi alandire, ndipo palibe anabwerapo ndi nkhuku kudzasintha ndi mafuta ophikira. N'chimodzimodzi. Chuma cha munthu chinali dzina lake, anthu akangoyamba kunong'ona kuti uje sabweza, watha, palibe akupatsanso kanthu, ndipo makhoti anadzaza ndi milandu ya ngongole, olephera kubweza n'kumakatsekeredwa ku ndende ngati Fleet ndi Marshalsea.

Umboni wina umene mungaugwire ndi manja, kuyambira cha mu 1648 mpaka 1672 eni mashopu ndi mabala atatopa ndi kusowa kwa tchenji anayamba kusula timakobidi tawotawo ta mkuwa, polemba dzina lawo, tauni yawo ndi chizindikiro cha shopu, mitundu masauzande. Kuli ngati wa golosale akakupatsa switi m'malo mwa tchenji, koma iwo switi wake umatha kubwera naye mawa n'kugulira mkate. Mfumu Charles II inaletsa mu 1672 itatulutsa timakobidi take ta kopa. Tandiuzeni, anthu osadziwa ndalama angavutike n'kusula zawo? Wakomenti ija, ndikukudikira m'munsimu.

Ndisanaiwale, amene mwakhala mukufunsa za ma T-shirt a tchanelo, afika, linki ili pansipa, koma ife ngongole sitipereka, kabuku ndinasiya.

Nambala 5, oyenda ndi katundu kumsana. Kumidzi kopanda shopu ankafikako ndi amenewa, mtolo wa nsalu, ulusi, singano, zipeso, timagalasi, maliboni ndi timabuku totchipa, akubweretsanso nkhani za m'tauni. Eni mashopu ankadana nawo koopsa, ati salipira lendi, salipira msonkho, akutilanda makasitomala, nyimbo yomweyi timaimva mpaka lero khonsolo ikamathamangitsa mavenda. Lamulo la 1572 linawaika gulu limodzi ndi oyendayenda opanda ntchito, wopanda chilolezo amakwapulidwa n'kubooledwa khutu ndi chitsulo chamoto. Kenaka boma linazindikira kuti apa pali ndalama, cha mu 1697 linayamba kuwagulitsa laisensi, mapaundi 4 pachaka woyenda pansi, ukakhala ndi hatchi kapena bulu uwonjezerenso 4, ndipo chaka choyamba chokha anadula anthu oposa 2,500. M'tauni namo amayi ankazungulira ndi madengu pamutu kukuwa nsomba, mkaka, malalanje, aliyense ndi kayitanidwe kake.

Nambala 6 ndiyaifupi, kaunjika analiko. Zovala zinali zodula moti osauka ankagula zovalidwa kale ku Rosemary Lane pafupi ndi Tower of London, zina zakuba.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tikamba za kaunjika ameneyu payekha, kuchokera ku Rosemary Lane mpaka bero lofika ku Limbe. Dinani kabelu kaja, gawirani anzanu pa WhatsApp, ndipo m'makomenti mundiuze ngongole yakale kwambiri imene simunabwezebe pa okala ya kwanu, mayina musatchule.