Mawu a m'mawa: fuwa sachemerera

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Salmo 23:1, Yehova ndiye m'busa wanga, sindidzasowa.

Ndiyambe ndi kuulula, sabata ino ndakhala ndikunyanyala chamumtima. Ena mwaona kuti pa gulupu pano ndinangoti zii kuyambira Lamulungu, sikuti bandulo inatha ayi, ndinali ndi kachinthu kukhosi. Loweruka tinali ndi ukwati wa mwana wa achemwali anga, ine 4 koloko m'bandakucha ndinali kale kuseri kukhitchini kusonkha moto, nkhuni zake zaziwisi, utsi wake woti maso mpaka lero akuyabwabe. Tavundula nsima, mpunga mapoto atatu, nkhuku, kabichi, chitenje changa chatsopano chinapsa m'mphepete. Ndiye madzulo aja a MC akuthokoza anthu, anatchula okongoletsa holo, wopanga keke, a DJ, mpaka amene anabwereka galimoto ya akwati anawaimbira m'manja. Ife akukhitchini ngakhale ka "zikomo amayi" kokha, ayi ndithu. Ndinaseka nawo bwinobwino koma pobwerera mu minibasi ndinalumbira kuti ine za anthu basi, adzandionenso.

Inu amene mwadzuka ndi mtima ngati wanga uja, musachoke pamoto. Ndikuuza inu koma ndikudziuzanso ndekha.

Amene anandibweza ndi mwana wanga wamwamuna, uja wopenga ndi Arsenal. Lachitatu ndikudandaulabe uku ndikutsuka mapoto aja ndi phulusa, iye ali pakhonde ndi foni, n'kungoti "amayi, inu ndinu Giroud." Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi mthiko, ndimayesa akundinyoza. Koma atandilongosolera ndinakhala pansi.

Olivier Giroud ndi sitiraika wa ku France, wamtali uja wandevu. Mu 2018 France inatenga chikho cha dziko lonse ku Russia, inachinya Croatia 4-2 mu fainolo. Mkuluyu anasewera magemu onse 7, wosewera kutsogolo, munthu amene ntchito yake anthu amati ndi kumwetsa zigoli basi, koma anabwerako opanda chigoli ngakhale chimodzi. Ngakhale shoti imodzi yolunjika pagolo analibe. Anthu anamuseka mpaka kutopa. Maina amene anali pakamwa pa aliyense anali a Mbappé ndi Griezmann. Koma gemu yoyamba, ya Australia, kochi Didier Deschamps anamuyambitsira pa benchi ndipo timu inkangotsimphina, inapambana 2-1 movutikira. Kuchokera pamenepo sanamusiyenso panja, magemu 6 otsalawo anayamba onse. Iye ndi amene ankalimbana ndi madifenda, kulandira zigongono, kudumphira mipira ya m'mwamba, kuugwira mpira atafulatira golo kudikira anyamata aliwiro aja afike. Gemu ya Peru iye ndi amene anamenya mpira, unagunda difenda n'kupatuka, Mbappé anangoukankhira mu ukonde, France 1-0. Dzina linalembedwa ndi la Mbappé.

Ine zampirazo sinditsata kwambiri koma pamenepo ndinamva, chifukwa maso anga anali pa mafuwa anga atatu kuseri kwa nyumba. Fuwa abale. Ndani anadyapo nsima n'kunena kuti koma mafuwa ake ndiye abwino? Amayamika wophika, amayamika ufa kuti ndi woyera, ndiwo kuti mchere wakwana, ena mpaka amayamika mbale. Fuwa lili phee pamoto, lakuda bii ndi mwaye, lang'aluka ndi kutentha, phala likasefukira limatayikira pa ilo, akamaliza kuphika amalisiya pomwepo paphulusa agalu n'kumalinunkhiza. Koma tachotsani limodzi nsima ili pakati povundula muone. Poto yense pansi, ukwati wonse ugona ndi njala.

Ndiye musachoke pamoto. Inu amene mumasesa mu tchalitchi Loweruka anthu n'kudzakhala pa mabenchi oyera osafunsa kuti wapukuta ndani. Bambo inu amene mukulipirira fizi ana a malemu achimwene anu koma pa graduation adzathokoza ena. Amayi amene mukudwazika apongozi chaka chachitatu tsopano, achibale akungoimba foni kufunsa kuti kodi akudya. Ndinu mafuwa, ndipo poto amene mwasenzayo Mwini wake akumudziwa.

Chimene chinandilasa kwambiri ndi ichi. Giroud ndi Mkhristu wosabisa, ndipo pamkono wake wakumanja analembapo vesi lathu lomweli la Salmo 23 mu Chilatini. Za matatuu tisakangane lero chonde, ndikudziwa ena mwayamba kale kutaipa. Ine changa ndi vesilo. Sindidzasowa. Ndakhala ndikuliloweza kuyambira ku Sande sukulu koma sabata yonseyi ndimayenda ngati munthu wosowa, wolandidwa. Ndasowa chiyani kwenikweni? Ndinadya, ndinakhuta, mwana wa achemwali analowa m'banja mwaulemu, alendo palibe anadandaula njala. Chimene ndinasowa ndi dzina langa pa maikolofoni. Ndiye ndinadzifunsa kuti kodi M'busa uja analonjezapo za maikolofoni? Analonjeza msipu, madzi odikha, gome pamaso pa adani, chikho chosefukira. Kuomberedwa m'manja ndinaonjezera ndekha pa mndandanda.

Ndipo munthuyu sanayambire pabwino. Anabadwa 1986 ku Chambéry, timu yake yoyamba ya Grenoble inamubwereketsa ku Istres mu ligi yachitatu, kenako anapita ku Tours mu ligi yachiwiri. Anzake a msinkhu wake akutchuka kale iye anali akadali kumeneko. Timu ya dziko anailowa mu 2011 ali ndi zaka 25, zomwe mumpira ndi kuchedwa. Mu 2012 anatenga ligi ya France ndi Montpellier, timu yomwe inali isanaitengepo, atamwetsa zigoli 21. Kenako Arsenal, Chelsea, AC Milan, ndipo pafupifupi konseko ankangomveka kuti akufuna kugula sitiraika wina woposa iye. Mu 2020 mnzake Karim Benzema anachita kunena poyera pa Instagram kuti iwo awiri sungawayerekeze, iye ndi galimoto ya mpikisano ya F1 pamene Giroud ndi ka karting, timagalimoto tating'ono tija. Tangoganizani mawu amenewo akunenedwa dziko lonse likumva. Ine MC sanandinyoze n'komwe, anangondiiwala, koma ndinazimitsa gulupu masiku anayi.

Pa chikho cha dziko lonse ku Qatar mu 2022, pa gemu ya Poland, anamwetsa chigoli chake cha 52 n'kudutsa Thierry Henry amene anali ndi 51, kukhala womwetsa zigoli zambiri mu mbiri ya timu ya France pa nthawiyo, ali ndi zaka 36. Amene anamupatsira mpirawo ndi Mbappé yemwe uja. Anasiya timu ya dziko mu 2024 ali ndi zigoli 57. Koma apa ndichenjere, ndisakunamizeni kuti aliyense wopirira adzapatsidwa maikolofoni pansi pompano. Mafuwa ambiri amathera paphulusa pomwepo osatchulidwa. Agogo anga anaphika pamaliro a mudzi wonse moyo wawo wonse, palibe chikho analandira. Ndiponso Giroud yemweyo mu fainolo ya ku Qatar konko, yolimbana ndi Argentina, kochi anamutulutsa hafu yoyamba isanathe, anatuluka atakwiya zoonekeratu. Ndiye kupsa mtima kumabwera, fuwa limatentha ndithu, ukaligwira limakuotcha. Tenthani, muuzeni Yehova kuti zikuwawa, Davide yemwe ankadandaula. Kungoti musagubuduke poto ali pamutu.

Ndipo kachidzudzulo pang'ono, tisanadzimvere chisoni kwambiri. Ndikuganiza zonsezi ndinakumbukira atsikana awiri amene ankatitungira madzi Loweruka lija, kumjigo n'kutali ndithu, anayenda maulendo osawerengeka ndi zigubu pamutu. Ine amene ndikulira kuti sananditchule, ndinawauza zikomo? Sindinawauze. Ndinawakalipira kuti akuchedwa. Maina awo sindikuwadziwa n'komwe. Kani ine fuwa ndakhalanso pa mafuwa ena osawaona. Mwina inunso, taganizani bwino musanayankhe Ameni.

Tipemphere. Atate, Inu amene mumaona mseri, tichotsereni njala yofuna kutchulidwa. Pamene mwatiika tikhazikitseni, moto ukakula mutilimbitse, ndipo mutitsegule maso tione amene atisenza ife. M'dzina la Yesu, Ameni.

Mapoto a achemwali awiri aja ndinawagwira dala kuti abwere okha adzawatenge tidzayankhulane bwino. Ndawatsuka, ndikukawatula ndekha ndikachoka kuntchito, ndikafunsenso kuti atsikana aja ndi a kwa ndani. Amayi a Mvano, Lachinayi likubwerali ndilipo, nkhuni ndibweretsa zouma.