Musawalande mabuku, koma mwana asaloze munthu chala

Zikomo a mfumu, zikomo a komiti ya sukulu, amayi ndi abambo nonse. Inu muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, dzuwa lakula.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Sabata yatha nkhuku zinayi zinasowa m'khola la banja lina kumtundaku. Ana atatu a Sitandade 7 anaona mapazi pafupi ndi kholalo, n'kuwalondola mpaka pamsasa wa mnyamata waganyu amene wabwera kudzaumba njerwa. Pofika madzulo nkhani inali itawanda kale pamjigo kuti wakuba wapezeka. Anthu anayamba kuunjikana, ena atanyamula zibonga. Achikhala kuti a mfumu ndi apolisi a m'mudzi sanafike msanga, bwenzi lero tili pamaliro. Patapita masiku awiri nthenga zinapezeka kuseri kwa dambo, mapazi a vumbwe ali pomwepo. Mnyamata uja analibe mlandu.

Makolo mutamva kuti anawa amabwereka ku laibulale ya sukulu mabuku a ana ofufuza milandu, ena mwawalanda, ndipo akuti buku lina laphikira nyemba. Musaseke, linali la sukulu limenelo. Ndiye ndabwera ndi mawu awiri okha, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane. Musawalande mabuku. Koma mwana asaloze munthu chala.

Tiyambe ndi mabukuwo, chifukwa ambiri mwawada musanawatsegule. Si akuno ayi. Ochuluka adalembedwa ku Britain ndi ku America, ndipo amatipeza kudzera mwa opereka mabuku kusukulu ndi mavenda aja oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni. A mtsikana wotchedwa Nancy Drew adayamba kutuluka ku America mu 1930. Dzina la wolemba lili pachikutopo, Carolyn Keene, si la munthu weniweni. Kampani inkalemba ganyu anthu osiyanasiyana, n'kuwapatsa ndondomeko yoti atsatire. Ku Britain mayi Enid Blyton adayamba mu 1942 nkhani za ana anayi ndi galu wawo, ndipo adalemba mabuku 21 a ana omwewo. Ndikutchula zimenezi kuti muone kuti mabukuwa ali ndi chikombole chimodzi, ndipo kholo likadziwa chikombolecho silivutika kulondoloza mwana, ngakhale lisadziwe Chingerezi.

Chikombole chake n'chotere. Nkhani imachitikira pamalo aang'ono pomwe anthu amadziwana: mudzi, sukulu yogonera konko, nyumba ya agogo nthawi ya holide. Mlandu umakhala wopepuka, china chasowa, kalata yabisidwa, nyali ikuyaka usiku m'nyumba yopanda anthu. Magazi saoneka. Oganiziridwa amakhala ochepa, atatu, anayi, mwina asanu, ndipo aliyense ali ndi kanthu kena komwe akubisa. Wolemba amamwaza zizindikiro m'nkhani monse, batani lothothoka, matope pansapato, munthu wonena kuti anali kumsika pa tsiku lomwe si la msika. Pakati pa zizindikirozo amaikapo zina zonamiza dala, zoti zikusocheretse. Lamulo la olemba nkhani zotere ndi lakuti chilichonse chomwe wofufuza waona, wowerenganso achione, kuti pamapeto asanene kuti amubera. N'chimodzimodzi chilapi. Ukati "Chilapi!" anzako n'kuti "Nachize!", yankho limakhala lili kale m'mawu omwe wanenawo, kungoti labisala. Mwana wanu akamakana kuzimitsa tochi usiku, ndiye kuti akulimbana ndi chilapi cha masamba zana.

Nanga n'chifukwa chiyani ana amazikonda chonchi? Taganizani tsiku la mwana pakhomo panu. Katunge madzi. Khala chete, akulu akuyankhula. Choka apa, si nkhani za ana. Sindikunyoza mwambo, ndikungonena momwe zilili. Tsono m'bukumu akupezamo mwana msinkhu wake amene akuona zomwe akuluakulu onse aphonya, ndipo akuziona chifukwa chomwecho chakuti palibe amamuwerengera. Anthu amayankhula momasuka pamaso pake ngati palibe munthu. Pamapeto wapolisi wamkulu akumugwira chanza. Kwa mwana zimenezi n'zokoma kwambiri. China ndi mantha a muyeso. Mtima umagunda, koma mwana amadziwa kuti pofika tsamba lomaliza chosowa chipezeka, wolakwa adziwika, onse akhala pansi kumwa tiyi. Mwana amene kwawo kuli mikangano kapena matenda amapumirako m'nkhani yomwe zinthu zimabwerera m'malo mwake.

Ndipo phindu la kusukulu lilipo, lalikulu. Chaputala chilichonse chimathera pomwe chitseko chikutseguka kapena wina wakuwa, ndiye mwana amati ndiwerengeko chimodzi chokha, mpaka buku latha. Akatenga lachiwiri, anthu ake ndi omwewo, malo ndi omwewo, mawu ambiri wakumana nawo kale, ndiye amathamanga. Umu ndi momwe Chingerezi chimalowera, mobwerezabwereza, popanda mkwapulo. Inu nomwe mumadandaula chaka ndi chaka kuti ana akugwa Chingerezi pa mayeso a Sitandade 8, ndipo mukudziwa kuti satifiketi ya Fomu 4 siituluka munthu akalephera Chingerezi. Ndiye mwana wadzipezera yekha njira, inu n'kuponya pamoto? Musawalande mabuku.

Eya bambo, ndakuonani, nenani.

(Bambo wina wachikulire: "Aphunzitsi, mwalankhula bwino, koma ana aja sanalote. Kulondola mapazi ndi kuzemberera anthu anakuwerenga m'mabuku momwemo. Mawa adzayamba kutifunsa ife mafunso ngati apolisi. Si kuwaphunzitsa mwano kumeneko?")

Zikomo bambo, khalani pansi. Funso limeneli ndi la ambiri pano, kungoti inu mwalimba mtima. Ndipo mbali ina mukunena zoona, sindikutsutsani. M'mabukumu ana amazemba usiku, amatsatira anthu oopsa, amalowa m'mapanga. Koma amapulumuka chifukwa chiyani? Chifukwa wolemba akumufuna mwanayo m'buku lotsatira. Sangamuphe. Kuno kulibe wolemba woteteza mwana wanu. Wakuba weniweni akatembenuka n'kuona kamwana kakumutsatira, ali ndi chikwanje m'manja. Zimenezi mwana sazizindikira yekha, ayenera kuuzidwa ndi inu, momveka, osati kamodzi.

Palinso chilema china, ndipo ichi n'chachikulu. Mabuku akalewa, makamaka a ku Britain, kawirikawiri woipa amakhala mlendo, munthu woyankhula mwachilendo, wosauka, woyendayenda wopanda mudzi. Eni ake komweko adadandaula nazo. Ku America mabuku a Nancy Drew adayamba kuwalembanso mu 1959, kuwafupikitsa ndi kuchotsamo zonyoza mitundu ya anthu. Tsono onani amene ana athu anamuloza: mlendo, waganyu, wopanda mbale pano. Ndipo tisanamizire buku lokha. Ndani pano sananenepo kuti zinthu zayamba kusowa chibwerere anthu a njerwa? Ana anamva kwa ife. Amene ananyamula zibonga sanali a Sitandade 7, ndipo sindikukhulupirira kuti anawerengapo buku lililonse la mtunduwu.

Koma pa mfundo yeniyeni, bambo, ana aja sanatsatire buku. Analisiya panjira. M'nkhani zolembedwa bwino, amene mwayamba kumuganizira nthawi zambiri sakhala iyeyo. Phunziro lake lonse lagona pamenepo. Ndipo wofufuza satchula dzina asanapeze umboni wogwirika. Muli buku lina la ku Germany la mu 1929, la Erich Kästner, momwe mnyamata Emil akuberedwa ndalama m'sitima popita ku Berlin. Wakubayo atagwidwa kubanki akukana, akuti ndalama ndi zake. Chomwe chikumugonjetsa si kukuwa kwa ana, koma timabowo ta phini pa ndalamazo, chifukwa mnyamatayo adazibaya ndi phini m'kati mwa jekete lake. Umboni ndi umenewo. Tsono mapazi apakhola aja akutiuza chiyani? Akutiuza kuti munthu anadutsapo, basi. Sakutiuza tsiku, sakutiuza chomwe ananyamula. Njira ya kumjigo imadutsa pomwepo. Wofufuza wa m'buku akanayeza phazi ndi kamtengo, akanafunsa ngati chitseko cha khola chinatsegulidwa kapena china chinakumba pansi, akanayang'ana nthenga ndi magazi, chifukwa munthu amanyamula nkhuku yamoyo koma chilombo chimasiya nthenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana athu anathamanga, akulu n'kuthamanga kuposa anawo.

Za mwanozo, kufunsa si mwano, mwano uli m'kafunsidwe. Mwana wofunsa kuti "Agogo, mwadziwa bwanji?" mwaulemu, ameneyo sadzanamizidwa ndi mauthenga a pafoni aja oti mwawina ndalama tumizani kaye zina. Ndipo mudzi womwe anthu amafunsa "waona ndi maso kapena wangomva?" sugenda gogo chifukwa cha mphekesera za ufiti. Mwana awerenge, afunse, koma asaloze munthu chala.

Ndikuona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa, ndiwo sizinaphikidwe. Ndithamange ndi zochita.

Posankha buku, mwana atsegule tsamba lililonse pakati, awerenge mokweza, akakumana ndi liwu losalidziwa apinde chala. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo lamukulira, atenge lina. Mukamukakamiza adzadana nako kuwerenga. Chenjeraninso, alipo mabuku omwe wofufuza ndi kamtsikana ka zaka 11 koma adalembera akuluakulu, muli imfa ndi poizoni. Chithunzi cha pachikuto chisakunamizeni, funsani aphunzitsi.

Mphindi makumi awiri patsiku zakwana, kusanade, akamaliza ntchito zapakhomo. Musamuwerengetse pa koloboyi, utsi ndi maso sizigwirizana.

Mupatseni kope lakale. Tsamba aligawe patatu: zomwe wofufuza waona ndi maso, zomwe wangouzidwa, zomwe akungoganiza. Ana ambiri amasakaniza gawo lachiwiri ndi loyamba, ndipo pamenepo ndi pomwe mumuwongolere. Kukatsala machaputala awiri atseke buku, akuuzeni m'Chichewa amene akumuganizira ndi chifukwa chake. Inu simusowa kudziwa Chingerezi, funso lanu ndi limodzi: umboni wako ndi uti? Akalakwitsa musamuseke, abwerere m'mbuyo apeze pomwe wolemba anamusocheretsa.

Malamulo a kunja kwa buku, awa muwanene lero lomwe pa chakudya chamadzulo. Satsatira munthu. Satuluka usiku. Salowa m'nyumba kapena m'munda mwa eni. Akaona chokayikitsa auze kholo kapena mphunzitsi, mwakachetechete, osati anzake, osati pamjigo. Inu akulu mukalandira mawuwo mupite nawo kwa a mfumu kapena apolisi a m'mudzi, osati kukamemeza anthu. Ikakhala nkhani yoti mwana akuchitidwa nkhanza, pali nambala yaulere ya 116. Dzina la munthu lisatuluke pakamwa pa mwana pagulu, mwana asaloze munthu chala, ndatopetsa koma ndanena.

Mabanja atatu aja, a mfumu akonza tsiku loti mukapepese kwa mnyamata uja, ana apite nawo. Mabuku a sukulu omwe ali m'nyumba mwanu abwere Lolemba, ngakhale chikuto chitachoka, guluu tili naye. Lomwe linapsa lija a komiti akambirana ndi mwini moto. A mfumu, ndabweza mawu kwa inu.